Pemphero la Apongozi Anga m'Sitima ya ku Brighton

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma za kasamalidwe ka mlendo ndinamaliza zonse. Kwathu ku Ntcheu mlendo satsanzikidwa pakhomo. Umamunyamulira kathumba kake, n'kuyenda naye mpaka pamene njira yapatukira. Ngati akukakwera basi, umaima naye pasiteji mpaka basiyo ifike, umulowetse, uone ndi maso ako kuti wakhala pansi, ndipo ngati ndinu anthu opemphera mumaweramitsa kaye mitu. Womusiya mlendo pakhomo ndiye kuti wamupirikitsa. Mwambo umenewu ndinabwera nawo ku London m'chikwama chimodzi ndi zitenje zanga, osadziwa kuti kuno udzayamba kulimbana ndi ntchito yanga.

Bambo a ana anga ndi namwino. Iwo ndiwo anatsogola, ife n'kuwatsatira patapita zaka ziwiri, ine ndi ana athu awiri aakazi. Tinkakhala ku Croydon, m'kanyumba kam'mwamba, pafupi ndi siteshoni yaikulu ya sitima, mtunda woti ukayenda pansi sutuluka thukuta. Siteshoni imeneyo ndi yagalasi, denga lake analikoleka pa zitsulo zoyera zazitali, ndipo kutsogolo kwake kumadutsa matiramu, tisitima toyenda mumsewu, akuliza mabelu. Mbali zonse kuli nyumba zamaofesi zotalika, ina yake yooneka ngati mbale zosanjikiza pathandala. Tsiku loyamba kufikapo m'mawa ndinangoima chilili, ndikuganiza kuti kwinakwake kwabuka moto. Anthu ankatuluka m'mabasi ndi m'matiramu akuthamanga, n'kumatsika njira zotsetsereka zopita ku mapulatifomu okwerera sitima, aliyense kapu ya khofi m'manja, nkhope ngati akupita kukhoti. Ndinapereka moni kwa mayi wina amene tinagundana mapewa. Anacheuka kuti aone amene ndikulankhula naye.

Chimene sitinadziwe pochita lendi nyumbayo n'choti ku Croydon n'kumene kuli ofesi yaikulu ya boma yoona za mapepala a anthu obwera. Mmalawi wofuna kuwonjezera masiku ake okhalira kuno, kaya akuchokera ku Leeds, kaya ku Nottingham, ankayenera kudzaima pamzere kumeneko m'mamawa. Ndiye akagona kuti? Foni inkangolira. "Amayi, simundidziwa, ndine mwana wa auje, munkapemphera limodzi ku Ntcheu." Ine kukana sindidziwa. Ana ankasamukira pabalaza kuti mlendo agone pabedi. Akamaliza za mapepala ake, wosangalala kapena wolira, ndinkamuperekeza kusiteshoni.

Pasiteshonipo pali tizipata tamakina totseguka ukalowetsa tikiti. Anzanga ambiri operekeza ankalekezera pomwepo, n'kumati, "Pepani, malire anga ndi ano, ndilibe tikiti." Ine chowiringula chimenecho ndinalibe. Ndinali ndi tikiti ya mwezi wonse yopitira kuntchito, ndipo tizipata tija tinkanditsegukira ngati ndine mwini wake. Ndikanamusiya bwanji munthu pachipata, chikwama cholemera chili pansi, ine tikiti ili m'thumba?

Ntchitoyo ndinkagwira panyumba ina yosungirako okalamba, masiteshoni atatu kuchokera pamenepo, mbali ya kumwera. Kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kusintha zofunda. Ena amaiderera, koma ine ndinkaithokozera Mulungu m'mawa uliwonse. Munthu wopanda satifiketi, Chingerezi chotola kwa ana anga, kundipatsa yunifomu ndi kabaji kolembedwa dzina langa? Inali ntchito yoyamba pamoyo wanga imene sinali ya khasu kapena yokazinga mandasi, ndipo ndi imene inkandilola kuti mayi anga akadwala kumudzi ndisayambe ndagwada kaye kwa mwamuna.

M'chipinda chakumapeto munkakhala madala ena, mzungu wamtali amene miyendo inali itasiya kugwira ntchito, koma pakamwa ayi. Anzanga ankawaopa chifukwa ankalalata madzi osamba akangozizira pang'ono. Ine ndekha ndi amene ankandilola kuwameta ndevu. Tsiku lina anandifunsa kumene ndimakwerera sitima, ndipo nditawauza anandigwira dzanja, lumo lili pakhosi pawo.

"Siteshoni imeneyo ndi yanga," anatero. "Ndinaimapo kuyambira ndili mnyamata mpaka tsitsi lonseli litathothoka. Sitima siinkanyamuka ine ndisanaimbe wezulo."

Kuyambira tsikulo kumeta ndevu kunkatenga nthawi yaitali. Ankandiuza za masiku a sitima za malasha, pamene utsi unkadetsa kolala ya malaya nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ankandiuza za siteshoni yakale ya njerwa imene anthu anaigwetsa n'kumangapo yatsopanoyi, imene iwo ankaitcha khola la galasi. Matiramu aja akuti anawaona akuchotsedwa m'misewu iwo ali mnyamata, n'kudzawaonanso akubwerera atakalamba. "Dziko lino timazula chinthu, tikaiwala chifukwa chake timachidzalanso," ankatero. Koma nkhani imene inandikhala mumtima inali ya katikiti kakang'ono. Anati kale munthu ankagula katikiti kongolowera pa pulatifomu, kosakwerera sitima, kuti aperekeze m'bale wake. Amayi ankaima pawindo akulangiza ana awo, ena kulira, ena kupatsirana timipukutu ta chakudya.

"Ndiye nanunso munkaperekezana?" ndinawafunsa.

"Kwambiri. Ena ndinkachita kuwatulutsa m'sitima ndi manja. Ndisanaimbe wezulo ndinkayenda kusuzumira m'mawindo, kufunafuna nkhope ya munthu wotsala. Imadziwika."

Zaka zanga zoyamba kunkayendabe sitima zakale zija za zitseko zambirimbiri, zotsegula ndi dzanja n'kumenyetsa. Sitima zimenezo zinkagwirizana nane. Ndinkalowa ndi mlendo, kuika chikwama pamwamba, kapemphero kachidule, ndipo ndikamva wezulo ndinkatsegula ndekha chitseko n'kutsika. Wantchito wa pa pulatifomu ankandiyang'ana ndi diso lofiira, koma sitima siinkanyamuka chitseko chili chotsegula. Kenako sitima zija anazichotsa, n'kubweretsa zatsopano zosalala, zaukhondo, zitseko zake zodzitseka zokha. Zimayamba zalira ti-ti-ti-ti, kenako n'kutsekeka, ndipo ngakhale udinize batani mpaka chala kupweteka sizikumvera. Chitseko chopanda munthu woti n'kumupepesa ine chinandiipira kuyambira tsiku loyamba.

Komabe chimene chinayamba kundilakwitsa si chitseko, ndi nthawi. Alendo ambiri ankanyamuka m'mawa, nthawi imene inenso ndinkapita kuntchito. Sitima ya mlendo ikachedwa ndinkaima naye, yanga n'kufika, n'kunyamuka, ine ndikuiona kutsidya kwa njanji. Nditachedwa koyamba amanijala anangondiyang'ana. Kachiwiri anandiitana. Kachitatu anandipatsa kalata. Anali mayi wachizungu wa msinkhu wanga, wosakweza mawu.

"Kagwiridwe kanu ka ntchito ndilibe nako vuto," anatero. "Koma inu mukachedwa, wogwira usiku sangaweruke, ndipo pali munthu amene amakhala pabedi lonyowa kudikira inu. Kalata iyi ndi yomaliza. Mukachedwanso kamodzi, tisiyana."

Ndinayesa kufotokoza za alendo. Anandifunsa ngati alendowo ndi odwala. Ndinati ayi. Ngati ndi ana. Ndinati ayi. "Ndiye sangakwere okha sitima?" Ndinasowa Chingerezi choyankhira. Ngakhale m'Chichewa momwe, kodi munthu ungafotokoze bwanji chifukwa chimene umalandirira chinthu ndi manja awiri? Ndinasaina kalatayo.

Mnzanga wapamtima pantchitopo anali mayi wa ku Lusaka, wamng'ono kwa ine, wosachedwa kuyankha. Ataona kalatayo anaomba m'manja kamodzi.

"Imwe amai, muzachosedwa nchito ndaba ya bantu bali na mendo yabili. Manje mwakhala kondakitala? Muzibasiya pa geti, baziyenda."

"Ndi alendo, mng'ono wanga."

"Alendo, alendo. Bakakuchosani nchito, alendo bazabwela kukudyesani?"

Ndinalonjeza iye ndi Mulungu kuti ndasiya. Ndipo ndinasiyadi miyezi inayi. Alendo ndinkawasiya pachipata ndikuyang'ana kumbali ngati wakuba, mtima n'kumandiweruza mpaka madzulo.

Kenako kunabwera apongozi anga, mayi a bambo a ana. Anakhala nafe miyezi iwiri ya nyengo yotentha, ndipo itatha anayenera kupita kwa mwana wawo wamkazi, mlamu wanga, amene ankagwira ntchito ku Brighton, tauni ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Apongozi anga ndi munthu wabwino. Ananditenga ngati mwana wawo kuyambira tsiku la chinkhoswe, ndipo sanandinenepo kumbali. Koma ndi mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwawo, ndipo kumudzi aliyense amadziwa kuti iwo akati tipemphere, amene wateleka ndiwo ayambe wakaphula.

Chingerezi sadziwa ngakhale cha moni. Ndiye bambo a ana anafufuza sitima yosaima pena paliponse, yochoka pasiteshoni pathu n'kukaima ku Brighton basi, kuti mayi awo asatsike polakwika. Mlamu akawadikirira komweko. M'mawa wa tsikulo bambowo anali asanaweruke kuchipatala, ndiye zowakweza zinagwera ine. Sitima ya apongozi inkanyamuka patatsala mphindi khumi kuti yanga ifike. Ndinalingalira bwinobwino, ndinaona kuti zitheka.

Ndinachenjeranso. Ndinawadzutsa molawirira kuti tipemphereretu kunyumba, ndipo anapemphera mpaka tiyi anazizira m'makapu. Mumtima ndinati basi, za pemphero tathana nazo. Mwana wanga wamkulu, akumanga tayi ya sukulu, anandiuza m'Chingerezi chake chothamanga kuti ndisalowe m'sitima, chikwama ndiwapatsire ndili panja.

"Agogo ako ndiwaponyere chikwama ngati thumba la makala?" ndinatero.

Anangokweza mapewa. Amamva Chichewa chonse mwana ameneyo, koma mapewa ake ndi a kuno.

Pasiteshoni panali podzaza monga mwa masiku onse. Apongozi ankayenda pang'onopang'ono pakati pa anthu othamangawo, duku loyera kumutu, majuzi awiri ngakhale kunali dzuwa, akupereka moni kwa aliyense woyang'ana mbali yawo. Bambo wa yunifomu atatitsegulira chipata chachikulu cha anthu a katundu, apongozi anaima kuti amuthokoze, mpaka kundituma ndimufunse ngati makolo ake ali moyo. Kumbuyo kwathu anthu ankapumira m'mwamba. Ine maso anali pa wotchi yaikulu ya pasiteshonipo.

Sitima inafika pa nthawi yake. Ndinati ndingolowa, ndiike chikwama, ndituluke. Anthu ambiri m'mawa amapita mbali ya ku London, ndiye iyi inali ndi malo. Ndinawakhazika pawindo, chikwama ndinachilowetsa kuseri kwa mpando, ndinawafumbatitsa tikiti yawo, n'kugwada pang'ono.

"Muyende bwino, Amayi. Musatsike mpaka sitima itaimiratu, alamu akakupezani momwemo."

Anandigwira manja onse awiri. "Tipemphere, mwananga."

"Tapemphera kale kunyumba, Amayi."

"Lija linali la kunyumba. Ili ndi la panjira."

Anatseka maso. Inu amene munakulira kwathu mukudziwa. Munthu wamkulu akayamba kulankhula ndi Mulungu atakugwira manja, iwe ndiwe ndani kuti usolole dzanja? Ndinatseka maso anga, ndikuti mwina akumbukira okha kuti tili m'sitima. Anayamba ndi kuthokoza chifukwa cha tulo tabwino. Anapempherera woyendetsa sitima kuti maso ake asalemere, pamodzi ndi mkazi wake ndi ana ake ngati ali nawo. Anapempherera njanji. Anapempherera onse okhala m'sitimamo, odziwa Mulungu ndi osamudziwa. Ine ndikudziwa kuti sitima zimenezi siziima ngakhale nthawi yoti munthu n'kumaliza kapu ya madzi. Pamene anapuma ndinaponya ka Ameni, koma iwo anakatenga ngati kowavomereza, n'kuwonjezera mphamvu.

Ndiye chitseko chinayamba kulira. Ti-ti-ti-ti. Ndinatsegula diso limodzi. Chinali pafupi, masitepe anayi okha. Ndikanatha. Ndakhala ndikubwerera pamalo amenewo zaka zonsezi, ndipo ndikudziwa kuti ndikanatha. Koma nthawi yomweyo apongozi anafinya manja anga n'kunena kuti, "Atate, mukumbukire mwana wanu uyu, mpongozi wanga, amene wandisunga ngati mayi wake womubala. Mudalitse ntchito ya manja ake. Mabwana ake amukonde, asamupeze ndi cholakwa."

Chitseko chinatsekeka. Pulatifomu inayamba kuyenda chobwerera m'mbuyo. Kutsidya ndinaona anthu a sitima yanga ataima pamalo athu a masiku onse, ndi bambo wa chipewa chobiriwira amene tinkakwera limodzi zaka ziwiri osalankhulana, akuwerenga nyuzipepala yake.

Anati ameni titadutsa kale siteshoni ya kuntchito kwanga. Ndinaiona ndi diso langa lotsegula lija, ndinaonanso denga la nyumba ya okalamba likudutsa pawindo ngati mbalame. Apongozi atatsegula maso anadabwa kundiona, kenako nkhope yawo inawala.

"Mwaganiza zondifikitsa? A, mwananga. Ine ndimangoopa kunena, koma mtima unali m'mwamba kuti ndiyenda bwanji ndekha pakati pa azungu."

Ndikanati chiyani? Ndinakhala pansi. Anamasula kampango, n'kundigawira mtedza wokazinga.

Patapita kanthawi ndinapita kukaima pafupi ndi chitseko chomwe chija kuti apongozi asamve, n'kuimba foni kuntchito. Anayankha mnzanga wa ku Lusaka uja.

"Muli kuti imwe? Bamanijala bafunsa kabili."

"Ndili m'sitima ya ku Brighton."

"Ku Brighton muyenda kuchita chani, kusamba?"

Ndinamuuza mwachidule. Anatsitsa mawu. "Manje mvelani. Mukabwela mukambe kuti masitima yanachedwa. Bonse bamakamba so. Musakambe vya mapemphero, mwamvela?" Sitima inalowa pansi pa phiri, foni n'kuduka.

Woyang'ana matikiti atabwera ndinamuonetsa tikiti yanga ya mwezi, iye anati siifika kumene tikupita. Ndinamufotokozera. Anandiyang'ana ine, anayang'ana apongozi amene ankamumwetulira akumulozera mtedza, n'kundidulira tikiti ina.

Kunja kunkadutsa minda yobiriwira, nkhosa, timapiri. Apongozi ankasirira udzu, amati ng'ombe za kwawo zitaona zimenezi zingafe ndi chimwemwe. Ine ndinali nditakwiya, ndipo chondipweteka n'choti mkwiyowo unalibe poutula. Apongozi sanalakwe. Woyendetsa sanalakwe. Chitseko sichimva. Ndinatsala ndi Mulungu yekha, ndipo ndikuvomera kuti ndinamufunsa mafunso osayenera. Ndinati, Ambuye, munthu akupempherera ntchito yanga, Inu simukanagwira chitsekocho pang'ono? Munagawa nyanja pakati, chitseko cha sitima n'chiyani kwa Inu? Sindinamve yankho, ndinangomva apongozi akutafuna mtedza.

Ku Brighton tinapeza mlamu akudikira. "Alamu, mwabwera nonse? Tiyeni kunyumba mukamwe tiyi." Ndinawapatsira chikwama, ndinagwadira apongozi, n'kuthamanga kukafuna sitima yobwerera. Ndinamva fungo la madzi amchere ndi mbalame zoyera zikulira padenga, koma nyanjayo sindinaione. Apongozi anandiitana kumbuyo kuti ndidikire andipempherere za ulendo wobwerera. Ndinachita ngati sindinamve, ndipo tchimo limenelo sindinalilapebe bwinobwino.

Yobwerera inali yoima paliponse, ngakhale pamene panalibe munthu wokwera. Njira yonse ndinkayeseza bodza lija. Masitima anachedwa. Ndi mawu awiri okha, ndipo kuno palibe bwana amene sanawamvepo. Ndinafika kuntchito nthawi ya tiyi wa okalamba itadutsa. Koma nditakhala pamaso pa amanijala, manja anga anali akumvabe kufinya kwa apongozi, ndipo bodzalo linakana kutuluka. Ndinanena zoona zonse, kuyambira pa chikwama mpaka pa mtedza.

Anamvetsera osandidula. Pena ndinaona ngati akufuna kuseka, koma sanaseke.

"Ndikukhulupirira," anatero. "Palibe amene angapeke nkhani yotere. Koma wogwira usiku wachoka pano posachedwapa, akugwa ndi tulo, ndipo anthu anayi asamba mochedwa. Kalata ija munasaina."

"Ndinasaina."

"Ndikakusiyani inu, mawa ndidzamuuza chiyani wina?"

Mawu awo anali oona, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Akanakhala munthu wankhanza bwenzi ndili ndi womunena m'mapemphero. Ndinavula kabaji n'kukaika patebulo. Ndinangopempha kuti ndikatsanzike madala a m'chipinda chakumapeto, ndipo anandilola.

Ndinawapeza ndevu zili zosameta, atakana aliyense wobwera ndi lumo. Nditawafotokozera kumene ndinali anaseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwapatsa madzi. Koma nditanena kuti ntchito yatha, kuseka kunatha. Anatukwana zitseko zatsopano ndi mawu amene sindingawalembe.

"Pa pulatifomu yanga sizikanachitika," anatero. "Ndikanakuona pawindo. Munthu wopemphera ndi diso limodzi, ameneyo si wapaulendo."

Ndinawameta komaliza, ngakhale sindinalinso wantchito. Tsiku limenelo sananene za sitima za malasha, anangotseka maso mpaka nditawapukuta. Nditanyamula chikwama changa anaitana mnzanga wa ku Lusaka uja, amene anali ataima pakhomo maso ali ofiira, akundinena chapansipansi kuti ndine chitsiru cha Mulungu. Anamuuza kuti akankhe chikuku chawo. Iye anawafunsa kuti akupita kuti nthawi ino.

"Ndikuperekeza munthu," anatero.

Anandiperekeza m'khonde monse, kudutsa pa ofesi ya amanijala, mpaka pachitseko chakunja pamene okalamba saloledwa kupitirira. Pamenepo anakweza dzanja.

"Malire anga ndi ano. Ndilibe tikiti."

Sindinawaonenso. Ndinkati ndidzapita kukawazonda, koma manyazi a munthu wochotsedwa ntchito ndi olemera, ndipo pamene ndinalimba mtima mnzanga anandiuza kuti m'chipinda chija mwalowa munthu wina.

Madzulo a tsikulo bambo a ana ndinawauza zonse. Anagwira mutu.

"Mayi, simukanangosolola dzanja?"

"Inuyo mukanasolola? Ndi mayi anu."

Tinagwirizana kuti apongozi asadziwe.

Ndinakhala pakhomo miyezi itatu. Kenako ndinapeza ntchito ya ejensi, ija yongokuimbira foni kuti lero pita uku, mawa uko. Ndikuthokoza, ana anaphunzira, sitinagonepo ndi njala. Koma ntchito ya ejensi sumeta munthu mmodzi kawiri, ndipo kabaji kake kalibe dzina.

Apongozi atabwerera kumudzi anakalalikira nkhani yanga pa msonkhano wa amayi. Anati ku Ulaya kuli mpongozi amene anasiya ntchito yake tsiku lathunthu kuti awafikitse mpaka kunyanja, ana a masiku ano atengerepo phunziro. Nkhaniyo inayenda m'midzi, kenako inakwera ndege n'kubwerera kuno. Mpaka lero foni ikalira kuti, "Amayi, ndine mwana wa auje," ndimadziwa kuti kwawo amuuza kale kuti asadandaule, akupita kwa mayi uja amafikitsa.

Ndimawaperekezabe. Ndimadutsa nawo pachipata, kutsika nawo mpaka pa pulatifomu, koma pamenepo pali mzere wachikasu, ndipo phazi langa siliudutsa. Chikwama ndimapatsira ndili panja, monga ananenera mwana wanga, ngakhale sindinamuuzepo kuti ananena zoona. Wina akati tipemphere ndimati tiyeni, koma manja ndimawabisa kumbuyo, maso onse awiri ali pachitseko. Mwezi wathawu mayi ena achikulire a ku Dedza, atakhala kale pampando, anandikodola pawindo kuti ndilowe. Ndinamwetulira, n'kugwada pang'ono pomwe ndinaimapo. Chitseko chitatsekeka ndinaona nkhope yawo ikugwa, ndipo ndinadziwa zimene akanene akafika. Ndinabwerera kunyumba wapansi, pakati pa matiramu ndi anthu othamanga, ndikukangana ndi chitseko chija mumtima ngati kuti tsiku lina chidzandiyankha.